Wagwira Khomo 17 Ndani?

Basi inamutsitsa kunja kutada. Mvula inali itangokata. Chikwama anaima pansi pa nyali ya mumsewu n'kuwerenganso uthenga wa pafoni: "Mukapitirira pogulitsa matayala, nyumba yachitatu. Pansi pali telala. Mukwere masitepe akuseri."

Pogulitsa matayala panali pawiri. Anayamba ndi polakwika. Pobwerera, nsapato zinali zitamwa madzi.

Dzina loti Chikwama anamupatsa ndi mlamu wake, mwamuna wa mkulu wake. Ankati munthu uyu alibe nyumba, nyumba yake ndi chikwama chakudacho. Sankanama kwenikweni. Ntchito yake inali yoyenda. Kumene makina a netiweki avuta, ankamuitana. Afike, akonze, agone, apite. Sabata imeneyo yokha anali atagona pa mabedi anayi. Lachisanu limeneli ankafuna kukagona pa lake. Koma masana foni inalira ali kale padepoti, tikiti ili m'manja.

"Alamu, bwerani. Ndapalamula."

Masitepe anali achitsulo, oterera. Ofesi imeneyi anali asanaipondemo chiyambire. Bambo ake anasamutsira ntchito kuno iye atachoka kale pakhomo, atakangana nawo pa nkhani imene tsopano sankaikumbukanso bwino. Pamaliro awo, miyezi isanu ndi itatu yapitayo, anafika m'mawa n'kubwerera madzulo.

Zipinda zinali ziwiri. Choyamba chinali cha makatoni, makwerero, mawaya okulungakulunga, ndi mafoni awiri patebulo. Onse anali otsekedwa pakamwa, koma ankangowala, kuzima, kuwalanso. Chachiwiri chinali cha makina. Mlamu anali mmenemo, malaya ali kunja kwa thalauza, thukuta lili kamukamu ngakhale fani inkazungulira.

"AChikwama! Mwafika. Koma mwaonda. Kumene mumayendako sakupatsani chakudya?"

"Inu mumadyera tonse. Mwaphwanya chiyani?"

"Ngakhale moni?"

"Moni. Mwaphwanya chiyani?"

Mlamu analoza sikirini ndi chibwano, ngati munthu woloza galu wolusa.

Kampaniyi anaiyambitsa ndi bambo. Inkagulitsa intaneti kwa anthu a m'dera lomwelo: nyumba, timashopu, masukulu awiri, kachipatala kamodzi. Onsewo ankadutsa m'makina amodzi, seva yakuda yokhala pa shelefu yachitsulo, mabatire asanu ndi limodzi ali pansi pake. Kasitomala aliyense anali ndi polowera pakepake m'makinamo. Akatswiri amati intafesi. Bambo ankati khomo. Si khomo lathabwa kapena lawaya. Ndi lolembedwa chabe mumtima mwa makina, umene amautcha kenelo, umene umayang'anira zonse. Kasitomala akayatsa kabokosi kake kunyumba, pulogalamu yolandira alendo imamutsegulira khomo lake. Akazimitsa, imatseka.

Mlamu sanali munthu wa pakiyibodi. Anali wokwera mapolo, wokoka waya, woboola makoma. Anakwatira mwana wa bwana. Bwana anamwalira. Kiyibodi inamugwera.

"Ndimangosesa," anatero. "Khomo 17 lakhala lopanda munthu sabata yonse. Ndinati ndilichotseretu. Ndinauza pulogalamu ija monga ndimachitira masiku onse. Inangoti zii. Mpaka pano."

Chikwama anakoka mpando, navula nsapato zonyowa zija. Pasikirini mzere umodzi unkabwera, n'kubweranso, masekondi khumi alionse. Unali m'Chingerezi chouma cha makina, koma tanthauzo lake linali lapafupi: ndikudikira kuti khomo 17 limasuke, amene aligwira, mmodzi.

Mzere umenewu ankaudziwa. Anali atakumana nawo m'mizinda itatu. Kenelo ili ndi lamulo lake. Chilichonse chofuna kugwiritsa ntchito khomo chimayamba chalembetsa kuti chagwira. Chikamaliza, chimalembetsa kuti chasiya. Kenelo imawerenga. Sichotsa khomo chiwerengero chisanafike pa ziro, kuopa kugwetsa amene walitsamira. Ndiye wina akagwira n'kuiwala kusiya, imadikira. Sitopa. Ikhoza kudikira mpaka shelefu kudyedwa ndi dzimbiri.

"Pulogalamu yolandira alendo mwayesa kuipha?"

"Kasanu. Sikufa."

"Singafe. Yalowa m'kenelo kukadikira yankho. Wogona tulo timeneto samva kuitana."

"Amene anali kale mkati akadali pa intaneti," anatero Mlamu. "Koma aliyense wozimitsa kabokosi kake sakubwereranso. Palibe womutsegulira." Anamusonyeza kapepala kamene ankalembapo. Masana makasitomala anali 412. Magetsi atathima mbali yakumsika anatsala 340. Tsopano 301. "Ndipo anthu athuwa mukuwadziwa. Pogona amazimitsa chilichonse cha pakhoma. Mawa kukacha mafoni awiri aja apsa."

Chikwama anadzitikita m'maso.

"Alamu, mankhwala a matenda awa mwana aliyense amawadziwa. Kuzimitsa makina, kuyatsanso. Mphindi zitatu. Mwandiyendetseranji maola asanu?"

Mlamu anangoloza batani lozimitsira. Linali lomatidwa ndi tepi yachikasu, ndipo patepipo panali mawu amodzi, m'malembedwe opendekeka amene Chikwama sakanawasokoneza ndi a munthu wina: AYI.

"Disiki yosungira zonse ndi yokhoma," anatero Mlamu, mawu atatsika. "Makinawa akazima, podzuka amafunsa mawu achinsinsi. Mawuwo madala anapita nawo. Tayesa masiku obadwa a banja lonse, dzina la galu, nambala ya galimoto yakale ija. Zonse akana."

Chikwama anafunsa makinawo kuti akhala nthawi yaitali bwanji osazima. Anayankha: masiku 1,493. Zaka zinayi ndi mwezi. Tsopano anamvetsa mabatire asanu ndi limodzi aja, ndi jenereta imene anapunthwapo pakhonde.

"Akazima osadzuka," Mlamu anapitiriza, "mndandanda wa makasitomala, makonzedwe a khomo lililonse, zonse zapita. Kampani yatha pomwepo. Ine ndibwerera pa makwerero, ngati alipo wondilemba pa msinkhu uno. Mkulu wanu sindinamuuze zonse. Ndangoti kwavuta pang'ono."

"Pali tiyi pano?"

"Ketulo ilipo."

"Wopanda shuga. Ndipo musandiimire kumsana."

Ntchito yake inali yapafupi kuinena: apeze amene wagwira, amuuze asiye. Makina atsopano amasunga kaundula wa aliyense wogwira khomo, moti umangofunsa. Awa anali akale. Ankadziwa kuwerenga kokha, osati kutchula mayina. Mmodzi. Ndani? Sakudziwa.

Ndiye anayamba kugogoda nyumba ndi nyumba. Anayang'ana ngati pali pulogalamu imene ikadali kumvetsera pa khomo 17. Panalibe. Anayang'ana njira zimene makina amakumbukira zotumizira mauthenga, ngati ina ikadali kuloza kumeneko. Anapeza ziwiri zakale, nazifufuta. Anadikira masekondi khumi. Mzere unabwera. Mmodzi. Anayang'ana mndandanda wa oyandikana nawo, malamulo a mpanda wotchinga akuba, milatho yolumikiza khomo ndi khomo. Chilichonse ankachigwira mofatsa, ngati wochotsa dzira pansi pa nkhuku. Chilichonse chinali choyera.

Tiyi anafika, nazizira. Pansi telala anatseka chitseko chake chachitsulo, nyumba yonse n'kunjenjemera. Mlamu analembanso pa kapepala: 288.

Msana unayamba kuwawa pamalo pake pa masiku onse, pansi pa phewa lamanja. Anaganiza za bedi lake, limene mwina linali litaiwala kulemera kwake. Anaganiza zoti Lolemba akumudikira kumzinda wina, kufakitale ya mabotolo. Kenako analeka kuganiza, n'kupempha makina kuti amusonyeze tizidutswa tonse tolumikizidwa ku kenelo.

Tinali makumi asanu ndi anayi ndi kanthu. Mayina ake ankawadziwa ngati mayina a masiteji a basi. Anatsika nawo mndandanda, chala chili pasikirini. Chapakati chala chinaima.

Diso.

Palibe fakitale imene imatcha kachidutswa ka kenelo dzina lotere. Anafufuza. Kanalibe dzina la wolemba, kanalibe malangizo. Zolemba zake zoyambirira panalibe paliponse m'makinamo. Kanali ndi timafayilo titatu tolankhulira nako: kena kotchedwa khomo, kena wotchi, kena siya. Anatsegula koyamba. Munali nambala imodzi: 17.

"Alamu! Khomo 17 ndi la ndani?"

Mlamu anabwera akupukuta manja pa thalauza.

"Ndi la kunyumba. Kunyumba kwakale."

"Kwa amayi? Mwadula intaneti ya amayi?"

"Amayi ali kwathu. Anasamuka sabata yatha. Nyumba ija tabweza kwa eni ake." Anamuyang'ana cham'mbali. "Mkulu wanu anakulemberani. Kawiri."

Chikwama anakumbukira mauthenga awiri amene anawaona ali pamwamba pa denga la hotela ina, nati awerenga madzulo. Anabwerera pasikirini.

"Wogwira uja ndi uyu. Analemba ndi bambo okha. Anamuika kuti aziyang'anira khomo 17, ndipo palibe amene wamuuza kuti ntchito inatha."

"Ndiye muuzeni! Apo palembedwa kuti siya. Ngakhale ine ndikuwerenga."

"Ndikuona."

Analemba lamulo lake. Linali lalifupi: kuika nambala 17 m'kafayilo ka siya. Linangotsala kudina batani limodzi. Chala chinafika pabatanipo, n'kuima.

Bambo ake ankawadziwa. Zimene ankalemba sankalembera anthu olakwitsa. Ankalembera iwo okha. Pulogalamu wamba ukaiuza zolakwika imakunyoza n'kutseka. Kachidutswa ka m'kenelo ukakauza zolakwika kamagwa ndi nyumba yonse. Ndipo nyumba iyi ikagwa, sidzuka.

Apo ndi pamene anakumbukira tebulo lakukhitchini, iye ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Bambo sankagwira makina asanalembe m'kope. Makope wamba a ana asukulu. Tsamba lakumanja ankalembapo chimene akufuna kuchita. Koma ankayamba ndi lakumanzere, kulembapo mmene angachibwezere. "Usakwere mumtengo usanaone potsikira," ankatero. Ndipo pogwira ntchito sankawerenga okha. Wina awerenge mokweza, wina alembe. Wowerengayo anali iyeyo, mpaka tsiku limene anayamba kuwatsutsa.

Anachotsa chala.

"Makope a bambo ali kuti?"

Nkhope ya Mlamu inagwa.

"Makope aja? Ali ndi amayi. Amagona nawo kumutu. Mkulu wanu anafuna kuwaika m'katoni posamuka, kunali nkhondo."

"Kawatengeni."

"Ine? Ndikaime pamaso pa apongozi anga, ndinene kuti ndathyola makina a malemu, ndiye mundibwereke makope? Alamu, ndiponyeni pa masitepe apo, n'chimodzimodzi."

Chikwama anatulutsa foni. Nambala ya amayi inali pansi kwambiri pa mndandanda wa amene anawaimbira. Inaitana kawiri kokha.

"Ndani uyu?" anatero Mayi, ngakhale dzina linali litaoneka.

"Ndine, amayi."

"Ine ndili ndi ana awiri. Mmodzi ali pano akutsuka mbale. Winayo ndimangomva kuti ali moyo."

"Ndili ku ofesi ya bambo. Ndikufuna makope awo. Makina avuta."

Mayi anati: "Makope sachoka m'manja mwanga. Auze bambo a ana abwere adzanditenge."

Mlamu anatenga makiyi a galimoto ngati wopita kukhoti.

Chikwama anatsala yekha ndi fani. Mzere unkabwerabe. Mmodzi. Mmodzi. Lamulo lake lija linali pomwepo pasikirini, lolembedwa kale, likumuyang'ana. Anawerenga makasitomala: 274. Foni imodzi patebulo inawala, ndipo anaona kuti ndi akukachipatala. Sanayankhe. Akanawauza chiyani? Mtima wina unkati: dina, palembedwa siya, bambo sanali munthu wa misampha. Ukadina pano, pofika iwo apeza zatha, ugona msanga. Anaika manja onse awiri pansi pa ntchafu, nawakhalira. Anakhala choncho mpaka anamva galimoto.

Mayi anakwera masitepe aja pang'onopang'ono, akupuma pa lachitatu lililonse, akukana dzanja la mkamwini wawo. Anali atavala juzi ya bambo. M'manja munali jumbo yapulasitiki yomangidwa mfundo ziwiri. Zaka makumi atatu anagwira ntchito yotaipa makalata m'maofesi a anthu, ndipo mpaka lero ankakhala pampando msana uli chilili.

Anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi opanda nsapato.

"Waonda."

"Alamu anena kale."

"Iwo anena moseka. Ine ndikunena." Anakhala pampando umene Mlamu anawakokera, namasula mfundo. "Alipo khumi ndi limodzi. Ukufuna liti?"

Chikwama anayang'ana tsiku limene kachidutswa kaja kanalembedwa.

"Zaka zinayi zapitazo. Mwezi wachitatu."

"Mwezi umene ndinagwa kubafa," anatero Mayi osaganiza n'komwe. "Ndinagona pansi maola awiri, magetsi atathima, foni ili kuchipinda." Anasankha kope lachikuto chobiriwira. Chikwama anatambasula dzanja. Mayi analibweza pachifuwa.

"Ndati sachoka m'manja mwanga. Iwe lemba. Ine ndiwerenga. Si mmene ankachitira?"

Anavala magalasi. Ananyowetsa chala, natsegula masamba. Anapeza pamene pamutu panalembedwa Diso, nayamba ndi tsamba lakumanja.

"'Diso pa 17. Mphindi iliyonse lione ngati kabokosi ka kunyumba kali moyo. Kakazima, uthenga ubwere pafoni yanga.'" Anaima. Anawerenganso chamumtima, milomo ikuyenda. Kenako anavula magalasi.

"Ndiye sanali mayi akuseri aja?"

"Mayi ati?"

"A nkhuku aja! Magetsi akangothima kunyumba, mphindi imodzi siinkatha, bambo ako aimba. 'Muli bwino kumeneko? Khalani pansi, musayende mumdima.' Tsiku lina ndinazula pulagi kuti ndisite, anaimba. Ine ndinkati alipo amene amawauza. Ndinkati ndi mayi aja, maso awo anali pa mpanda nthawi zonse. Zaka zinayi ndakhala ndikuwayankha moni ndi mphuno!"

Mlamu anayesa kubisa kuseka m'chikhatho. Zinakanika. Mayi anamutembenukira.

"Inu musaseke. Mwathyola ndinu."

"Pepani, amayi."

"Munthu ameneyu," anatero Mayi, akuyang'ana kope. "Kungonena kuti ndaika kanthu kokuyang'anirani, pakamwa pakanatupa?" Anapukuta magalasi ndi m'mphepete mwa juzi kwa nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira. Palibe anawafulumizitsa.

"Tsamba lakumanzere, amayi," anatero Chikwama pamapeto pake.

"Ndikudziwa." Anavalanso. "'Kubweza. Choyamba, imitsa wotchi. Ika ziro mu wotchi. Chachiwiri, dikira mphindi ziwiri, diso limalize ulendo umene lauyamba. Chachitatu, ika 17 mu siya.' Pansi pake adula mzere kawiri. 'Ukasiya khomo wotchi ikuyenda, diso lipita kukayang'ana pamene palibe kanthu, makina agwa. Andigwera kawiri poyesa. Usayese.'"

Chikwama anayang'ana pasikirini. Lamulo lake lija linali lolondola, chilembo ndi chilembo. Linali lachitatu. Mlamu nayenso analiona. Anakhala pa katoni, katoniyo n'kuphwanyika, iye osadzuka.

Chikwama anafufuta mzerewo, chilembo chimodzichimodzi.

"Werenganinso choyamba. Pang'onopang'ono."

Mayi anawerenga monga ankawerengera makalata a mabwana, liwu lililonse palokha, ndi mipata yomwe. Chikwama analemba. Anawerenga mokweza zimene walemba. Mayi anayerekeza ndi kope, nagwedeza mutu. Chikwama anadina.

Palibe chinachitika. Fani inkazungulira. Mzere unabwera. Mmodzi.

"Tsopano mphindi ziwiri," anatero Mayi. "Bambo a ana, muli ndi wotchi?"

"Ndili nayo, amayi."

"Muwerenge zitatu. Malemu ankati ziwiri chifukwa wotchi yawo inkachedwa."

Anadikira. Kunja galimoto inadutsa m'thope. Mayi anayang'ana chipinda chonse: mabatire, tepi yachikasu, kapu ya tiyi wozizira.

"Bambo ako ankagona pano nthawi zina," anatero. "Mvula ikakhala ya ziphaliwali. Ankati makina amaopa kukhala okha." Kenako, osatembenuka: "Iwe umagona kuti masiku ano?"

"Kumene kwada."

"Si yankho limenelo."

"Ndi lokhalo ndili nalo, amayi."

"Mphindi imodzi," anatero Mlamu.

"Munakangana chiyani, iwe ndi bambo ako? Ndinawafunsa, anati aiwala, wodziwa ndi iweyo. Ndikufunsa iwe."

Chikwama anayang'ana kope lija m'manja mwa amayi ake.

"Ndinawauza kuti makope ndi zachikale. Kuti zonse azilemba m'makina, pamene aliyense angazipeze. Anati ndikatsegule kampani yanga."

"Basi?"

"Zinayambira pamenepo."

Mayi anapumira m'mwamba. "Nonse awiri munali olondola, nonse awiri munali zitsiru. Zatha zingati?"

"Zitatu zakwana, amayi."

"Chachitatu. Lemba."

Analemba. Anawerenga mokweza. Mayi anagwedeza mutu. Nthawi ino chala sichinaime.

Onse atatu anayang'ana pasikirini. Chikwama ankawerenga chamumtima. Zisanu ndi zitatu. Zisanu ndi zinayi. Khumi. Khumi ndi chimodzi. Anafika makumi awiri. Mzere sunabwere. Anafunsa makina za khomo 17. Anayankha kuti khomo lotero kulibe.

Pulogalamu yolandira alendo inadzidzimuka ngati mlonda wogwidwa akugona. Mizere inayamba kuthamanga pasikirini, khomo ili latseguka, ilo latseguka. 268. 281. 305. Mlamu anaimirira, nakhalanso, naimiriranso. Anatenga kapepala kake kuti alembe, koma nambala inkasintha asanamalize. Mafoni awiri aja anawala kangapo, kenako anagona.

"Alamu," anatero Mlamu, "nenani chimene mukufuna. Nsapato zatsopano? Mwamuna? Ndikupezerani wokwera mapolo, wamphamvu."

"Ndikufuna bedi."

Koma sanadzuke msanga. Anatembenukira kwa amayi ake.

"Mawu achinsinsi a disiki. M'makope amenewa mulibe?"

"Ndawerenga onse, kawiri, chimwalirireni iwo. Zambiri sindimva, koma zimenezo ndikanaziona. Mulibe. Anali munthu wolemba potsikira paliponse, kupatula pamenepo."

"Ndiye lero tangopulumuka," anatero Chikwama kwa Mlamu. "Sitinachire. Makina awa tsiku lina adzazima okha. Fani, batire, khoswe. Zonse ziyenera kusamutsidwa kupita m'makina ena awa akadali maso. Khomo lililonse, lamulo lililonse. Ndipo ndani akudziwa kuti bambo anabisamo maso angati."

"Ntchito ya masiku angati?"

"Masabata awiri. Mwina atatu."

"Khalani, ndiye."

"Lolemba akundidikira kwina. Ndinalonjeza."

Mlamu anatsegula pakamwa, nayang'ana apongozi ake, natseka. Mayi anali kubweza makope m'jumbo, akuwawerenga limodzilimodzi.

Kunyumba kwa mkulu wake anamuyalira pa sofa. Ana anali atagona kale. Mkulu wake anamukumbatira, namutukwana pang'ono za mauthenga aja, namupatsa bulangete lonunkhira sopo. Tulo tinamutenga asanavule wotchi.

Anadzuka kusanayere. Basi yoyamba inkanyamuka 5 koloko. Anapinda bulangete, nanyamula nsapato m'manja kuti asadzutse anthu. Zinali zisanaume.

Kukhitchini nyali inali yoyaka. Mayi anali patebulo, juzi ija ili pamapewa, jumbo ili patsogolo pawo.

"Umafuna kuzemba."

"Sindimafuna kukudzutsani."

"Ine ndimadzuka nthawi imene ankadzuka iwo. Thupi silinamve kuti anapita." Anakankha jumboyo mpaka inafika m'mphepete mwa tebulo. "Tenga. Ukawerenge m'mabasi akowo. Wati sukudziwa kuti anabisamo maso angati. Ali mmenemu."

"Munati sachoka m'manja mwanu."

"Ndinatero. Alipo khumi ndi limodzi. Abwerere khumi ndi limodzi, ndipo asabwere papositi. Ubwera liti?"

Chikwama anatulutsa foni, nayang'ana masiku. Fakitale ya mabotolo. Sukulu ina ya kumpoto. Hotela ija ya denga lotentha.

"Pa 20."

"Mwezi uno?"

"Mwezi uno. Alamu agule makina enawo pasanafike pa 20. Ndipo muwauze asasesenso kanthu."

"Ndiwauza. Amandiopa." Mayi anaimirira, namukonza kolala ya jekete imene sinali yopindika. "Ukadutsa kunyumba kwakale tsiku lina, ukawapatse moni mayi a nkhuku aja. Ine nkhope ndilibe."

Makope sanakwane bwino m'chikwama. Zipi inafika pakati n'kukana. Anachinyamula chotsegula choncho, atachikumbatira kutsogolo kuti mame asalowe.

Padepoti basi inali italiza kale injini. Anapeza mpando wakumbuyo, pamwamba pa tayala. Foni inanjenjemera. Anali Mlamu: "409. Atatu enawo ndi aulesi, sanadzuke. Makina ali moyo. Tepi ija ndawonjezera ina pamwamba."

Basi inatuluka m'depoti, inadutsa pogulitsa matayala poyamba, kenako pachiwiri. Anatulutsa kope lapamwamba, nalitsegula pa bondo. Kunja kunali kusanayere bwino, ndipo malembedwe opendekeka aja ankavina ndi mabampu. Anayamba ndi tsamba lakumanzere. Asanafike pansi pake, anali atagona.